Kukamutenga Mtisunge ku Nyanja za Kumpoto

Sonkhezerani chikuni icho, nkhani iyi sifuna mdima wambiri. Ndi ya a Gelesomo Mvula, mmisiri wa matabwa wa ku Chadiza, munthu amene ena mwa inu munakhalirapo mipando yake osadziwa.

A Gelesomo anali ndi ana anayi, koma wamkazi anali mmodzi yekha, dzina lake Mtisunge. Ameneyu ndiye anali wapamtima. Ali wamng'ono ankakhala pansi pa benchi la atate ake, n'kumatola zopalidwa za matabwa zopotanapotana zija n'kuzikoleka m'makutu ngati ndolo. Atakula anaphunzira za uphunzitsi, ndipo anamutumiza kutali, kumpoto kwa Zambia, kudera la madzi okhaokha. Kumeneko nyanja sizowerengeka. Ina ndi yaikulu yoti tsidya lake suliona, ina ndi yaing'ono yoti ukafuula wa tsidya lina amayankha, ndipo zambiri zimalumikizana ndi timifuleni todutsa m'bango ndi m'gumbwa. Munthu wa kumeneko akamanena mtunda sanena za mapazi, amanena za nkhafi.

Kumeneko Mtisunge anakondana ndi mnyamata wina wowolotsa anthu pabwato, dzina lake Katongo. Atabwera kumudzi kudzanena, a Gelesomo anakana kwamtuwagalu.

"Ndinakuphunzitsa kuti ukathere m'bango ndi munthu wonunkha nsomba?" anatero.

Tsiku lobwerera, Mtisunge anagwada pakhomo la shedi yawo yopaliramo matabwa.

"Atate, ndadzatsanzika."

A Gelesomo sanatembenuke. Anapitiriza kupala thabwa limene linali litasalala kale, mpaka anamva mapazi a mwana wawo akutha kuseri kwa nkhokwe.

Mtisunge anakwatiwa ndi Katongo kumpoto konko, ndipo panapita zaka zinayi osayankhulana ndi atate ake. Mtisunge akaimba foni kwa amayi ake, aNangozo, a Gelesomo ankatuluka panja, koma ankaima pafupi ndi zenera. Kenako m'mwezi wa Julaye, nthawi ya mphepo, kunabwera uthenga. Bwato limene Mtisunge anakwera pochokera kusukulu ya pachilumba linagudubuzika pakati pa nyanja yaikulu. Anamira iye ndi ana asukulu atatu. Katongo tsikulo anali kwina. Anafufuza sabata yathunthu, mitembo osaipeza.

Ku Chadiza anaika thunthu la nthochi m'bokosi, monga amachitira munthu akasowa. Bokosilo anakhoma a Gelesomo eni ake, ndi manja awo. Linali lopepuka moti adzukulu ponyamula ankayang'ana pansi ngati akuchita manyazi.

Kuyambira pamenepo a Gelesomo anasintha. Ankakhoza kugwira nyundo m'mawa, dzuwa n'kufika paliwombo asanakhome msomali ndi umodzi womwe. Patatha chaka ndi miyezi itatu, m'mwezi wa Okutobala, analonga zida zawo m'chikwama, natenga kachigubu kawo ka madzi akumwa.

"Ndikufuna ndikangoona madziwo," anauza aNangozo.

"Mukaona madzi okha? Nanga mkamwini wanu?"

A Gelesomo anangokoleka chikwama paphewa, nanyamuka.

Anayenda masiku awiri pabasi, kenako pa lole ya nsomba imene inawatsitsa pamphambano. Kuchokera apo panali kanjira ka fumbi kopita kudoko. Dzuwa linali likuswa mtengo. Ali pakati pa tchire louma, kutali ndi madzi, anaona munthu akubwera kutsogolo kwawo, atanyamula nkhafi paphewa. Anali wamtali, woyenda pang'onopang'ono ngati wotopa kwambiri. Atayandikirana, a Gelesomo anaona kuti buluku la munthuyo linali lonyowa mpaka m'chiuno, likuchita kudontha. Munthuyo anaima pambali pawo osawayang'ana kumaso, nanena mawu angapo m'Chibemba, motsitsa, ngati wofunsa.

"Pepani, sindimva chiyankhulo cha kuno," anatero a Gelesomo.

Munthu uja anabwerezanso mawu omwewo, nadikira pang'ono, kenako anapitirira. A Gelesomo atayenda pang'ono anacheuka. Anamuona akupitabe, koma pa fumbi pamene anaima paja panalibe dontho ndi limodzi lomwe.

Kudoko sanavutike kumupeza Katongo. Anali mnyamata woonda, wa maso olowa m'kati. Atamva kuti mlendoyo ndi ndani, anagwada pamchenga n'kuwomba m'manja.

"Fikani, atate. Mwayenda mtunda. Aaa, chikwamacho ndipatseni kuno, musavutike nacho."

A Gelesomo anachita ngati alasidwa. Mnyamatayo ankayankhula Chichewa, koma sichinali Chichewa wamba. Chinali cha Mtisunge, kakokedwe ka mawu komweko, ka “aaa” kake komweko. Anaphunzira chiyankhulocho kwa munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo anatsalira m'kamwa mwake.

Madzulo ake, ali pakhonde, a Gelesomo anasimba za munthu wa nkhafi uja, nayesa kutchula mawu aja monga anawamvera. Katongo anasiya kusoka ukonde.

"Munamulozera kwina kulikonse?"

"Ayi. Nanga ndikanaloza chiyani? Amati chiyani kodi?"

"Amafunsa kuti nyanja ina ili kuti." Katongo anayang'ana kunjira. "Wotere mukakumana naye musamaloze, atate. Ukaloza amakutsata, kuganiza kuti ukudziwa."



A Gelesomo anati akhala masiku atatu, koma sabata inatha akadali komweko. Manja a mmisiri sakhala chabe. Anayamba kukonza mabwato a matabwa amene anali pagombe, kuchotsa zowola, kukhoma zatsopano, kumata phula. Ndi Katongo ankangoyankhulana zofunikira zokha.

Tsiku lina madzulo anaika pensulo yawo pamwala, pafupi ndi bwato limene ankakonza. M'mawa sanaipeze. Anafunsa asodzi, asodziwo anangoyang'anana. Atapita pabwato paja anapeza kuti pamfundo iliyonse imene analumikiza dzulo lake panali kachizindikiro ka pensulo, kaja amalemba aphunzitsi mwana akakhoza. Anawerenga zisanu ndi ziwiri. Pamfundo yomaliza, imene anaikhoma mofulumira chifukwa kunali kukuda, panali kamtanda kolakwa, ndi kamzere pansi pake.

Anaitana Katongo. Mnyamatayo anayang'ana nthawi yaitali, kenako anamwetulira pang'ono, kumwetulira komvetsa chisoni.

"Amatero, atate. Ine amandipindira malaya. Ndikawataya pampando, ndimawapeza atapindidwa manja m'kati, ali ozizira."

"Ukunena ndani?"

"Dikirani masana. Lero kulibe mphepo. Ndikutengani."

Dzuwa likuyandikira paliwombo anakwera bwato laling'ono, nalowa m'kamfuleni kodutsa m'gumbwa wamtali kuposa munthu. Anatulukira panyanja ina yocheperapo, yodzaza ndi akakombo m'mbali. Pagombe panali amayi akuchapa ndi ana akusambira. Mwadzidzidzi a Gelesomo anaona amayi aja akusonkhanitsa zochapa zosatha, kukoka ana padzanja, n'kukwera kumtunda osayankhula. Nkhwazi imene inkalira pamtengo inaleka. Madzi anangoti phee, ngati mafuta m'mbale. Katongo anatulutsa nkhafi m'madzi n'kuigoneka pamiyendo.

Poyamba a Gelesomo anaganiza kuti ndi makutu awo. Kenako anamva bwinobwino. Anali mawu a munthu wamkazi, osachokera kutsogolo kapena kumbuyo, koma ngati akuyenda pamwamba pa madzi. Ankaitana mayina, limodzilimodzi, monga amachitira mphunzitsi m'mawa ana asanayambe kuphunzira.

"Chisala..."

Kunali zii.

"Bupe..."

Zii.

"Mwape..."

Mawu aja anadikira nthawi yaitali, kenako anayambiranso pa dzina loyamba. A Gelesomo anagwira m'mbali mwa bwato mpaka zala zinachita dzanzi. Anawazindikira, anali mawu a Mtisunge. Mawuwo anabwereza katatu mayinawo, kenako kamphepo kanawomba, akakombo anagwedezeka, nkhwazi inaliranso.

Pobwerera m'pamene Katongo anamasuka.

"Kuno timati womira sakhala malo amodzi. Nyanja zonsezi pansi ndi imodzi, zili ndi makomo ake. Amayambira yaikulu imene inamumeza, n'kumasamukira yocheperapo, mwezi ndi mwezi, mpaka akafike padziwe la makolo ake. Akafika pamenepo amakhala chete. Chaka chatha, akaitana, tiana tija tinkayankha tonse titatu. Ndinamva ndi makutu angawa. Chisala anatsala panyanja ya kwa agogo ake. Bupe ndi Mwape anatsala limodzi, anali pachibale. Tsopano akuitana yekha."

"Nanga iyeyo dziwe lake lili kuti?"

"Alibe, atate. Ndi mlendo kuno." Katongo anapalasa kawiri katatu asanapitirize. "Ndamutsata nyanja zisanu ndi zinayi. Iyi ndi yakhumi. Mwezi ukaoneka asamukira yomaliza, kadziwe kali kumapeto kwa dambo. Kupitirira apo kulibenso madzi. Amene alibe kwawo amatuluka n'kuyamba kuyenda m'misewu, kufunsa."

A Gelesomo anakumbukira munthu wa buluku lonyowa uja, mmene ankakokera miyendo pafumbi lotentha. Anaganiza za mwana wawo akuyenda choncho, akuimitsa anthu osamudziwa, anthuwo n'kumamuthawa.

Mwezi utaoneka ananyamuka awiriwiri. Ulendo wake unali wa masiku awiri. Anadutsa nyanja zina zoti a Gelesomo sanathe kusunga mayina ake, ina ya madzi akuda ngati tiyi, ina yoyera yooneka mchenga pansi, ina yodzaza atsekwe moti bwato linkachita kuwapatula. Timifuleni tinkacheperachepera. Penapake anatsika n'kumakoka bwato m'matope ofika m'mawondo. Tsiku loyamba madzulo, akupuma pakachulu, a Gelesomo anaona kuti mapazi a Katongo anali ong'ambikang'ambika ndi bango, mabala akale ndi atsopano.

"Chaka chonsechi unkayenda wekha m'menemu?"

"Ndekha. Abale anga amati ndapenga. Anandipezera mkazi wina kawiri."

"Nanga bwanji sunawamvere?"

"Aaa, atate. Masana akakwana, n'kuitana popanda womva? Ine ndimapita kuti pakhale munthu."

"Umamuyankha?"

"Ndinayesa. Dzina langa salitchula. Ndikayankhula amangokhala chete, ngati akumvetsera, koma sayankha. Kaya ndi chifukwa choti tsiku lija sindinali pabwato." Anatola kamtengo n'kumakanda nako pansi. "Koma ndimamumva. Zimandikwanira."

A Gelesomo anatulutsa kansalu m'chikwama, naking'amba pakati, n'kumupatsa kuti amange mapazi.

Kadziwe komaliza kanali kakang'ono zedi, koti mwana angathe kuponya mwala tsidya lina. Kanazunguliridwa ndi bango louma, ndipo kuseri kwake kunali dambo long'aluka ndi dzuwa, lopita mpaka kumene maso amalekera. Panalibe mudzi, panalibe ngakhale kanjira. Anakhala pamthunzi wa bwato n'kumadikira.

Dzuwa litafika paliwombo, bango linaleka kuchita phokoso. Tombolombo amene ankauluka pamwamba pa madzi anasowa. A Gelesomo anamva kuzizira kukukwera m'miyendo, chonsecho mchenga unali wotentha.

"Chisala..." mawu aja anayamba. Anali ofooka kuposa tsiku lija, ngati a munthu woyankhula ali kuseri kwa chitseko.

A Gelesomo anaimirira, navula nsapato.

"Atate, musapitirire m'chiuno," ananong'ona Katongo.

Analowa m'madzi. Anali ozizira ngati a m'mtsuko wa m'nyumba. Atafika m'mawondo anaima, naitana ndi mawu amene sanawatulutse zaka zisanu.

"Mtisunge! Mwanawe!"

Mayina aja analekera pakati. Kenako pakati pa dziwe madzi anachita kabwalo kamodzi, ngati pagwera tsamba, koma panalibe chogwa. Kabwaloko kanakula pang'onopang'ono mpaka kanafika pamiyendo yawo.

"Atate?"

"Ndine, mwanangu."

"Mwatembenuka tsopano?"

Mawu amenewo sanali okwiya. Anali ngati a mwana amene wadikira pakhomo nthawi yaitali ndipo akungofuna kudziwa. A Gelesomo analira ngati mwana, misozi ikugwera m'madzi. Anasendera mpaka madzi anafika m'chiuno. Kutsogolo kwawo, pamene kuwala kwa dzuwa kunkathobwa m'maso, kunali ngati pali mthunzi wa munthu wogwada, koma akati ayang'anitsitse ankangoona bango.

"Ndatembenuka, mayi. Ndinachedwa. Undikhululukire."

"Kwathu mvula yagwa?"

"Sinagwe. Koma mitambo yayamba kusonkhana cha ku Mozambiki."

"Amayi?"

Pamenepo a Gelesomo anayamba kusimba. Anaima m'madzi ozizirawo n'kumuuza zonse: kuti amayi ake bondo likuwavuta koma kudimba sasiya, kuti mlongo wake wamng'ono anakwatira ndipo ali ndi mwana wamkazi, kuti mtengo wa mango wa kuseri unagwa ndi mphepo, kuti galu uja anafa ndi ukalamba. Ankayankhula mofulumira, kuopa kuti akaleka kamphepo kabwera. Nthawi zina ankamva kuseka pang'ono, kapena anali madzi akugunda bango.

"Ndatopa, atate. Kutsogoloku kulibe khomo lina."

"Tiye kwathu. Ndikunyamula, ngakhale kumsana."



"Funsani a Katongo. Ndine wa pakhomo pawo."

A Gelesomo anatembenuka. Katongo anali ataima m'mphepete mwa madzi, manja ali lende. Kanali koyamba m'chaka chonsecho kumva dzina lake likutchulidwa. Mkulu uja, amene anakana ngakhale kumuona mnyamatayu, anawerama m'madzi momwemo n'kuwomba m'manja.

"A Katongo, ndikupempha. Ndiloleni ndipite naye."

"Mukamutenga, ine nditsala ndi chiyani?" Mawu a Katongo anatuluka osweka. "Inu munakhala naye zaka makumi awiri ndi zisanu. Ine zinayi zokha, ndi chaka chimodzi cha mawu. Mwabwera dzanali, atate. Mwabwera dzanali, n'kufuna kunditengera ndi mawu omwe?"

"Ndilibe chokuyankhani. Mukakana, sinditsutsa."

Katongo anayang'ana kudambo louma lija, kumene mpweya wotentha unkavinavina pamwamba pa nthaka. Anayang'ana nthawi yaitali. Bango la tsidya lina linayamba kugwedezeka nsonga, kusonyeza kuti kamphepo kali pafupi. Ndiye anathamangira kubwato, natenga kachigubu ka a Gelesomo, nakhuthula madzi akumwa onse pamchenga. Analowa m'dziwe, kupitirira pamene panaima apongozi ake, mpaka madzi anafika pachifuwa. Ananena mawu ochepa m'Chibemba, motsitsa kwambiri, ndipo a Gelesomo sanafunse konse tanthauzo lake. Kenako anamiza kachigubuko ndi manja onse awiri. Kanadzaza popanda kutulutsa thovu ndi limodzi lomwe.

Atatseka chivindikiro, mphepo inawomba. Tombolombo anabwerera. Dziwe linasanduka dziwe wamba, la matope ndi achule.

Pa ulendo wobwerera kumudzi, a Gelesomo anakafungatira kachigubuko pachifuwa. M'basi munali motentha moti anthu ankadzikupiza ndi makatoni, koma iko kanali kozizira, kakuchita thukuta kunja. Basi inali yodzaza, ena ataimirira, koma pampando wa pambali pawo sipanakhale munthu. Mayi wina anayesa kukhazikapo mwana wake, mwanayo anayang'ana pampandopo, nati, "Pali anthu," n'kukwera pamiyendo ya amake.

Anafika ku Chadiza masana. ANangozo anali pabwalo akupeta mtedza. Atakweza maso sanayang'ane amuna awo, anayang'ana pambali pang'ono, cha paphewa lawo lamanzere. Lichero linagwa. Analowa m'nyumba, natulutsa mphasa yatsopano imene ankasungira alendo, naiyala pamthunzi.

"Khalani, mwatopa nonse," anatero.

M'mawa mwake abale anasonkhana, napita kumanda. A Gelesomo anathira madzi aja pamtumbira pang'onopang'ono. Amene analipo amati pamalopo panakhala ponyowa mpaka mvula inagwa, ngakhale dzuwa la Novembala linkaotcha chilichonse.

Katongo anabwera ndi mvula yoyamba. Anaima kumapeto kwa bwalo ndi kachikwama kake, osadziwa ngati alowe. A Gelesomo anasiya thabwa limene ankapala, napita okha kukamulandira chikwamacho, anthu onse akuona. Masana ake anapita awiriwiri kumanda. Anakhala pansi pafupi ndi mtumbira. Mphepo inaleka, masamba anangoti chete, ndipo Katongo anapendeketsa mutu monga ankachitira m'bwato. Anadikira mpaka mthunzi wa mtengo unasuntha n'kuwasiya padzuwa.

"Sakuyankhula, atate."

"Sayankhula, mwanangu. Anafika."

Katongo anagwedeza mutu kuvomera, naphimba nkhope ndi manja.

Anamupempha kuti akhale konko, anamulozera ndi malo omanga. Anakhala masiku asanu, kenako anati madzi akumuitana, iye sadziwa kugwira khasu. A Gelesomo anamuperekeza mpaka kumsewu, ndipo anaima pomwepo mpaka basi inabisika.

Amalonda a nsomba amene amapita kumpotoko amati mpaka lero, nyengo yotentha ikafika, pamakhala munthu wina wa imvi zapatalipatali amene amayenda yekha pabwato laling'ono, kuchoka nyanja iyi kupita inzake, kuyambira yaikulu mpaka kadziwe ka kumapeto kwa dambo. Masana mphepo ikaleka, amayi akamakoka ana kukwera kumtunda, iye amatulutsa nkhafi m'madzi n'kuigoneka pamiyendo. Mukadzakumana naye musadzathawe, ndi munthu wamoyo. Akudziwa bwino lomwe kuti mkazi wake m'madzimo mulibe, poti anamutunga ndi manja ake omwe. Koma amamvetserabe.